Chigubu cha madzi a paulendo: musangotola chilichonse

Mwezi wa October ukafika dzuwa limaswa mtengo. Mlimi amene dimba lake lili kutali, m'busa wa ng'ombe ku Chikwawa, ngakhale mnyamata wosenza katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje, onsewa amayenda maola ambiri atanyamula madzi akumwa. Koma madziwo amanyamulira m'chiyani?

Ndiyambe ndi chimene chimandiopsa. Poyendera alimi a thonje ndakhala ndikuona ana akumwera m'mabotolo momwe munali mankhwala opopera mbewu monga cypermethrin ndi dimethoate. Anthu amawakonda chifukwa ngolimba ndipo sadontha. Vuto nlakuti pulasitiki imamwa mankhwala, kotero ngakhale mutsuke ndi sopo, phulusa kapena madzi otentha, poizoni amatulukabe pang'onopang'ono nkulowa m'madzi, makamaka botolo likakhala padzuwa. Botolo lotere litsukuluzeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenaka muliboole ndi mpeni kuti wina asalitole. Chigubu cha dizilo, palafini kapena oilo nachonso sichoyenera kumweramo.

Tsono pogula chigubu pamsika, chitembenuzeni. Pansi pake mupeza kachizindikiro ka ngodya zitatu kokhala ndi nambala. Nambala 2 ndi pulasitiki yolimba yotchedwa HDPE, imene amapangira zigubu zambiri za mafuta ophikira. Ikagwa siisweka msanga. Nambala 5 nayonso njabwino. Nambala 1 ndi ya mabotolo opyapyala a zakumwa, amene amakwinyika pakangopita masiku, ndipo litsiro limabisala m'makwinyamo. Komatu nambalayi imangonena mtundu wa pulasitiki, siinena zimene zinali m'katimo, pakuti mabotolo ambiri a mankhwala nawonso ndi nambala 2. Nunkhizani, ndipo ngati mukukayika chisiyeni.

Musachite manyazi kupempha madzi kwa wogulitsa. Thirani, tsekani, chizondotseni nkuchifinya. Chigubu chambiri chimayambira kutha pa chitsekero ndi pa chogwirira. Chimene chayera mbuu chapsa ndi dzuwa, sichichedwa kung'aluka.

Masiku ano m'kaunjika mumapezeka matumba a madzi okhala ndi kapaipi, amene munthu amaika m'chikwama cha kumsana nkumamwa akuyenda. Kwa wokwera ku Sapitwa, mamita 3,002, ngothandiza chifukwa manja amakhala omasuka pogwira miyala. Kumunda sindiwakonda kwenikweni: minga imawaboola, ndipo m'kapaipimo mumamera nkhungu zakuda zovuta kuchotsa. Ngati mwagula, sankhani la kamwa lalikulu loti mutha kulitsuka ndi kuliumitsa, ndipo musathiremo thobwa kapena Sobo.

Kumbukirani kuti lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 5 nchokwanira kuchimangirira panjinga kapena kuyenda nacho. Cha malita 20 chisiyeni kumsasa.

Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi abwino amaipira m'ndowa yosavindikira momwe aliyense amapisamo chikho ndi zala. Chigubu cha kamwa laling'ono chimaletsa zimenezi, chifukwa madzi amachita kupungulidwa. Mukathira kolorini dikirani mphindi 30 musanamwe.

Kuti madzi asafunde, kulungani chigubu ndi chiguduli chonyowa nkuchipachika pamthunzi podutsa mphepo. Chigudulicho chikamauma chimachotsa kutentha, ndipo chikauma chinyowetseninso.