Chifukwa chake nthawi yotsala imasinthasintha podawuniloda fayilo

Munthu akamadawuniloda kanema kapena kutumiza chikalata pa intaneti, maso amakhala pa kamzere kamene kamadzaza pang'onopang'ono. Kamalonjeza mphindi ziwiri, posakhalitsa n'kunena mphindi 20, ndipo nthawi zina kamafika pa 99 peresenti n'kuima. Kwa amene wagula bandulo ndi ndalama zovuta kupeza, kumvetsa zimene kamzereka kakunena kungamuthandize kuti asataye data pachabe.

Fayilo siyenda yathunthu. Imadulidwa m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kawirikawiri sikaposa mabaiti 1,500. Ndondomeko yotchedwa TCP imaonetsetsa kuti mbali yolandira ikutsimikiza zimene zafika. Kachidutswa kakasochera panjira, kamatumizidwanso. Ntchito ya pulogalamu ya pafoni kapena pakompyuta ndi kuwerenga mabaiti amene afika kale.

Kuti isonyeze peresenti, pulogalamuyo imafunikanso kudziwa kukula kwa fayilo yonse. Seva, yomwe ndi kompyuta yosunga fayiloyo, imanena kukulaku poyambirira penipeni m'kauthenga kotchedwa Content-Length. Ngati fayilo ndi ya ma megabaiti 200 ndipo afika 50, kamzere kamasonyeza 25 peresenti. Koma pali ma seva amene amapanga fayilo uku akuitumiza, moti sadziwa kukula kwake mpaka kumapeto. Pamenepo m'pamene mumangoona kamkombero kakuzungulirazungulira popanda nambala iliyonse.

Nthawi yotsala ndi yongoyerekeza. Pulogalamu imatenga mabaiti otsala n'kuwagawa ndi liwiro la masekondi angapo apitawo. Liwiro limeneli silikhazikika: madzulo anthu akachuluka pa nsanja imodzi ya netiweki limatsika, ndipo tizidutswa tikamasochera TCP imachepetsa dala liwiro pofuna kupewa kuthinana. Liwiro likatsika ndi theka, nthawi yolonjezedwa imawirikiza kawiri nthawi yomweyo.

Pali chinanso chimene chimasokoneza ambiri. Makampani a intaneti amalengeza liwiro mu ma megabiti, pomwe kukula kwa mafayilo kumayezedwa mu ma megabaiti. Baiti imodzi ili ndi ma biti 8. Choncho liwiro la 8 Mbps limabweretsa megabaiti imodzi yokha pa sekondi, ndipo kanema wa gigabaiti imodzi amatenga pafupifupi mphindi 17, liwirolo likakhala losasintha.

Potumiza fayilo, nkhani imavutirapo. Mapulogalamu ena amawerenga mabaiti amene achoka m'manja mwawo n'kuperekedwa ku foni, ngakhale kuti ena mwa iwo akadali pamzere kudikira kutuluka. Akafika, seva imafunikabe nthawi yosunga fayiloyo, yoiunika ngati ili ndi mavairasi, kapena yoisintha ngati ndi kanema. N'chifukwa chake kamzere kamatha kudzaza ntchito isanathe. Amene akutumiza kalata yofunsira ntchito kapena zikalata za sukulu adikire uthenga wotsimikiza asanatseke tsambalo, apo ayi angaganize kuti watumiza pomwe sizinafike.

Netiweki ikaduka pakati, musafulumire kufufuta n'kuyambiranso. Ma seva ambiri amalola pulogalamu kupempha gawo lotsala lokha, moti batani lopitiriza limakupulumutsani kulipira kawiri mabaiti omwewo. Pa mafayilo akuluakulu, ndi bwino kuona kukula kwake musanayambe, n'kukuyerekeza ndi data yotsala mu bandulo.

Ngakhale kamaphonya chonchi, kamzereka kali ndi phindu. Mu 1985, Brad Myers wa pa University of Toronto anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu ambiri amakonda pulogalamu yowaonetsa pamene ntchito yafika kusiyana ndi yongokhala chete. Mukamakayang'ana, khulupirirani kwambiri chiwerengero cha ma megabaiti amene afika, chifukwa chimenecho chimawerengedwa ndithu. Ngati chikukwerabe, ngakhale pang'onopang'ono, ntchito ikuyenda.