Malamulo a khalidwe la makhansala ku England

Malamulo a khalidwe la makhansala ku England ndi mfundo zimene munthu wosankhidwa kukhala khansala amayenera kutsatira akakhala paudindo, pamodzi ndi njira zomulangira akaziphwanya. Mfundozi zimakhudza ndalama, ziphuphu, kukondera achibale pa ntchito za khonsolo, ndiponso mmene khansala amayankhulira ndi anzake ndi ogwira ntchito. Kulemba mfundo sikunavutepo. Chimene chakhala chikuvuta ndi funso loti ndani ali ndi mphamvu yoimitsa munthu amene anaikidwa pampando ndi mavoti a anthu.

Chiyambi

M'zaka za m'ma 1970 kunaphulika mlandu wa John Poulson, katswiri wojambula mapulani a nyumba amene ankapereka ziphuphu kwa akuluakulu a makhonsolo kuti azimupatsa ntchito. Iye anamangidwa mu 1974, ndipo chaka chomwecho T. Dan Smith, yemwe anakhalapo mtsogoleri wa khonsolo ya Newcastle, nayenso anapita kundende. Mu 1975 boma linatulutsa ndondomeko ya khalidwe ya makhansala a m'dziko lonse, koma inali ngati malangizo chabe.

Mu 1994 nduna yaikulu John Major inakhazikitsa komiti yoona za khalidwe la anthu a maudindo, ndipo wapampando wake woyamba anali Lord Nolan. Chaka chotsatira komitiyi inalemba mfundo 7 zimene mpaka pano zimadziwika ndi dzina lake: kusadzikonda, kusalola kugulidwa, kuweruza mosakondera, kuyankha pa zimene wachita, kuchita zinthu poyera, kunena zoona, ndi kukhala chitsanzo kwa ena.

Nthawi ya Standards Board

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 2000 linabweretsa bungwe la Standards Board for England, lomwe linayamba mu 2001. Khonsolo iliyonse inakakamizidwa kukhala ndi ndondomeko ya khalidwe yofanana ndi imene boma linalemba, ndipo munthu aliyense ankatha kukadandaula za khansala ku bungweli. Milandu ikuluikulu inkapita ku gulu loweruza la Adjudication Panel for England, limene linkatha kuimitsa khansala kwa chaka chimodzi kapena kumuletsa kukhala paudindo mpaka zaka zisanu.

Papepala zinkaoneka bwino, koma madandaulo anachuluka kwambiri, ndipo ambiri anali a nkhani zing'onozing'ono za m'makhonsolo a kumidzi. Makhansala a zipani zosiyana anapeza chida chatsopano chokhaulitsirana: wina akakuposa pamtsutso, umangomulembera dandaulo, iye n'kukhala miyezi yambiri akufufuzidwa dzina lake likuipa m'nyuzipepala.

Mlandu umene unatchuka kwambiri ndi wa Ken Livingstone, meya wa London, amenenso ankamangidwa ndi ndondomeko yomweyi. Mu Febuluwale 2005, akutuluka kuphwando usiku, anayerekezera mtolankhani wachiyuda wa nyuzipepala ya Evening Standard ndi mlonda wa kundende za chipani cha Nazi. Mu Febuluwale 2006 gulu loweruza lija linalamula kuti aimitsidwe kwa masabata anayi. Anthu ambiri, kuphatikizapo amene ananyansidwa ndi mawu akewo, anafunsa kuti zingatheke bwanji anthu atatu osasankhidwa ndi aliyense kuchotsa pampando meya wa mzinda waukulu chotere. Mu Okutobala chaka chomwecho khoti lalikulu linafafaniza chilangocho. Woweruza anati pa nthawiyo Livingstone sanali pa ntchito yake ya umeya. Kusiyanitsa kumeneku, pakati pa zimene munthu wachita monga khansala ndi zimene wachita payekha, kukuvutitsabe ofufuza, makamaka tsopano pamene mikangano yambiri imachitikira pa Facebook.

Kuyambira mu 2008 madandaulo anayamba kulandiridwa ndi makomiti a m'makhonsolo momwemo, ndipo makomitiwa ankatha kuimitsa khansala mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Izi sizinapulumutse bungwelo. Boma la mgwirizano limene linalowa mu 2010 linalithetsa kudzera mu lamulo la Localism Act la mu 2011, ndipo linatsekedwa pa 31 Malichi 2012.

Mmene zilili tsopano

Khonsolo iliyonse imalemba yokha ndondomeko yake, bola igwirizane ndi mfundo za Nolan. Dandaulo limapita kwa mkulu woona zamalamulo pakhonsolo, amene amatchedwa monitoring officer. Khonsolo iyeneranso kukhala ndi munthu mmodzi kapena angapo oima paokha, omwe si makhansala, ndipo iyenera kumva maganizo awo isanagamule mlandu umene yafufuza.

Pa nkhani ya ndalama lamulo ndi lolimba. Khansala ayenera kulembetsa ntchito yake, malo ndi nyumba zimene ali nazo m'deralo, komanso bizinesi zake ndi za mkazi kapena mwamuna wake. Akabisa, kapena akavota pa nkhani imene ali nayo ndi phindu, umakhala mlandu wa kukhoti. Khoti lingamulipitse chindapusa ndi kumuletsa kukhala khansala mpaka zaka zisanu.

Pa makhalidwe ena, monga kutukwana, kuopseza kalaliki wa khonsolo kapena kuzunza anzake, khonsolo ilibe mano. Ingathe kumudzudzula poyera, kumuchotsa m'makomiti, kapena kumupempha kuti apepese ndi kupita kumaphunziro. Singamuimitse. Akakana kupepesa amabwerabe kumsonkhano wotsatira n'kukhala pampando wake, ndipo nthawi zambiri amene amasiya ntchito ndi wozunzidwayo. Njira zotayira mpando nthawi isanakwane ndi zochepa, monga kulamulidwa kukhala m'ndende miyezi itatu kapena kuposerapo, kapena kujomba misonkhano yonse kwa miyezi isanu ndi umodzi popanda chilolezo. Kupatula apo, anthu amadikira chisankho, chomwe kawirikawiri chimabwera pakatha zaka zinayi.

Mu Januwale 2019 komiti ija imene wapampando wake woyamba anali Nolan inapempha kuti makhonsolo apatsidwenso mphamvu yoimitsa khansala mpaka miyezi isanu ndi umodzi, koma akhale ndi mwayi wochita apilo. Boma linayankha mu 2022 osavomera, ponena kuti oweruza enieni a khansala ndi ovota. Mu Disembala 2024 boma latsopano la chipani cha Labour linayamba kufunsa maganizo a anthu pa zobwezeretsa mphamvuyi.

Wales ndi Scotland sanatsatire njira ya England. Ku Wales madandaulo amafufuzidwa ndi ofesi ya Public Services Ombudsman for Wales, ndipo ku Scotland milandu imaweruzidwa ndi Standards Commission for Scotland. M'maiko awiriwa khansala angathe kuimitsidwa kapena kuchotsedwa paudindo chifukwa cha khalidwe lake.