Cheza cha Kutentha m'Zinthu Zosinthasintha

Aliyense amene anaonapo mmisiri akusula khasu amadziwa kuti chitsulo chikapsa chimafiira, ndipo chikapsetsa chimayera. Kuwala kumeneku tikukutcha cheza cha kutentha. Chinthu chilichonse chimachitulutsa, ngakhale thupi la munthu, kungoti cheza cha thupi maso sachiona.

Malamulo a chezachi ndi akale. Mu 1860 Gustav Kirchhoff wa ku Heidelberg anaonetsa kuti chinthu chimatulutsa cheza pa mlingo womwewo umene chimamwera cheza chochigwera. Mu 1900 Max Planck anapeza masamu a chinthu chakuda bii, chomwe chimamwa cheza chonse, ndipo masamuwo anakhala malire: palibe chinthu chotentha mofanana nacho chimene chingawale kuchiposa. Kenaka mu 1953 Sergei Rytov wa ku Moscow anafotokoza gwero la chezacho, kuti ndi kunjenjemera kwa tinthu tamagetsi ta m'kati mwa chinthu. Onse atatuwa anatenga mfundo imodzi ngati yosafunika kuifunsa, yakuti mmene chinthu chimamwera kapena kubwezera kuwala sizisintha pamene chikuwala.

Mfundoyi sigwira ntchito paliponse. Pali zinthu monga indium tin oxide, imene imapakidwa pa magalasi a foni zam'manja, zomwe zikawombedwa ndi laser zimasintha msangamsanga. Mu 2023 akatswiri a ku Imperial College London anachititsa kachigalasi kotere kubweza kuwala ngati kalilole m'kanthawi kosakwana gawo limodzi mwa magawo biliyoni a sekondi. (Liwu lakuti laser talisiya dala momwemo. Kulemba kuti "leza" kungasokoneze owerenga amene amadziwa uta wa Leza.)

Nanga chinthu chotere chikatentha chimawala motani? Tiganize za mwana ali pa katungwe. Popanda womukankha, iye amakweza katungweyo poima ndi kunjuta pa nthawi yake, ndipo mphamvu imachokera m'miyendo mwake. N'chimodzimodzi pano: chimene chikusintha chinthucho chimathira mphamvu m'mafunde a kuwala, kapena kuichotsamo. Motero cheza chobadwa ndi mtundu wina chikhoza kutuluka ndi mtundu wina, ndipo lamulo la Kirchhoff silingadaliridwenso monga kale.

Mu 2023 J. Enrique Vázquez-Lozano ndi Iñigo Liberal a ku Pamplona, m'dziko la Spain, anakonzanso masamu a Rytov kuti nthawi ilowemo. Masamu awo akulosera kuti chinthu chosinthasintha chikhoza kuwala kupyola malire a Planck, ndiponso kuti chikhoza kutulutsa cheza ngakhale pa madigiri -273.15, pamene kutentha kumathera. Olemba achenjere pamenepa. Kunena kuti mphamvu yachoka pachabe n'kulakwa, pakuti yonse imalipiridwa ndi laser kapena magetsi amene akusintha chinthucho.

Phindu lake linaonekera kale pa pepala mu 2020, pamene gulu la Shanhui Fan ku Stanford linawerengera kuti chinthu chotere chikhoza kudziziziritsa potaya kutentha kwake ngati kuwala, ndiye kuti firiji yopanda mpweya wapadera kapena injini yolira. Mphunzitsi akamafotokoza zimenezi m'kalasi anene kuti "masamu akulosera", asanene kuti "kwapangidwa", chifukwa ntchito ziwirizi, ya ku Pamplona ndi ya ku Stanford, zinali zowerengera chabe.