Chisa cha thovu pamwamba pa thamanda ku Mfuwe

Mvula yoyamba ikagwa ku Mfuwe mu Novembala, alendo ambiri amalozetsa makamera awo kwa akambuku a m'nkhalango ya South Luangwa, kapena kwa njovu zodutsa polandirira alendo pa Mfuwe Lodge pofuna mango akutchire. Ndi ochepa amene amaona thovu loyera mbee likulendewera pa nthambi pamwamba pa thamanda. Ichi ndi chisa cha chule wa m'mitengo, amene asayansi amamutcha Chiromantis xerampelina.

Ntchito yonse imagwirika usiku. Chule wamkazi amatulutsa madzi onanda n'kumawapukusa ndi miyendo yakumbuyo, monga amachitira mayi pophika therere, uku akuikiramo mazira mazanamazana, aamuna angapo atamuunjikira. Kukacha, thovu limauma kunja koma mkati mumakhala chinyezi. Pakatha masiku ngati asanu, mbululu zimagwera m'madzi, ndipo ziyenera kumera miyendo thamandalo lisanaphwe.

M'bale wakutali wa chuleyu, axolotl wa m'ngalande za Xochimilco ku Mexico City, sathamangira kusintha. Amakula n'kubereka akadali ndi mphonje zopumira m'madzi m'mbali mwa mutu, ndipo mwendo ukaduka amameretsa wina. Tsoka lake, madzi oipa ndi nsomba zobwera, kuphatikizapo tilapia, zatsala pang'ono kumutheratu kwawo. Koma chule wathuyu anaphunzira kupirira chilala. M'kutentha kwa Okutobala amapinda miyendo pansi pa mimba, khungu n'kuyera kuti libweze dzuwa, ndipo sataya madzi ambiri pokodza: amatulutsa zoyera zolimba, zofanana ndi za mbalame.

Kumujambula sikulira zida zodula. Foni yabwino imakwanira, chifukwa masana amakhala duu pa nthambi kapena pa mtanda wa denga. Yandikirani pang'onopang'ono, kamera ikhale molingana ndi maso ake. Chisa chijambuleni m'mawa kwambiri, popeza dzuwa lamasana limawalitsa thovu mpaka maonekedwe ake onse kutayika. Usiku, mnzanu aunike ndi tochi cham'mbali, osati fulashi kumaso.

Chimene chimandiwawa ndi kuona munthu akuweramitsa nthambi kuti chithunzi chikongole. Chisa chikasuntha, mbululu zigwera pouma n'kufa. Ndipo musapite kuthamanda nokha usiku: mvuu zimakhala zili kumtunda kukadya msipu, ng'ona nazo zimalowa m'madzi osefukira. Tengani wotsogolera alendo wodziwa malowo.