Mmene Dzila Limalandilila Uthenga Wakuti Likhwime

Aphunzitsi ndi ana asukulu, m'phunzilo lino la sayansi tikamba za dzila limene ambili a inu simunalionepo. Nonse mumalidziwa dzila la nkhuku. Koma ng'ombe, mbuzi, kalulu ndi galu nazonso zimayambila m'dzila, ndiponso munthu amene. Nyama zoyamwitsa zimenezi siziikila mazila. Mazila ao amakhala m'thupi la yaikazi, m'matumba awili osungila mazila. Ndi aang'ono kwambili, kotelo kuti mazila khumi a munthu oyalidwa pamzele angakwane pafupifupi milimita imodzi cabe. Woyamba kuona dzila la nyama yoyamwitsa anali Karl Ernst von Baer m'caka ca 1827, ndipo analipeza mwa galu.

Thupi lonse linapangidwa ndi tizigawo tamoyo tochedwa maselo, monga mmene nyumba imamangidwila ndi njelwa. Kusiyana kwake n'kwakuti njelwa sizilankhulana, koma maselo amatumizilana uthenga usana ndi usiku. Uthenga wao si mau, koma ndi mankhwala amene selo lina limatulutsa ndipo lina limalandila. Dzila nalonso ndi selo, ndipo silikhwima pa nthawi imene lafuna. Limayembekeza kuuzidwa.

Kodi kukhwima kwa dzila n'kutani? M'selo la munthu muli timitolo 46 tochedwa makromozomu, ndipo ndi timeneti timene timacititsa mwana kufanana ndi makolo ake. Mwana ayenela kulandila 23 kwa mai ake ndi 23 kwa atate ake. Cotelo dzila liyenela kutaya theka la makromozomu ake kuti likwanile kuyambitsa mwana. Nchito imeneyi imayamba mwana wamkazi akali m'mimba mwa amake, ndipo imaima isanathe. Iye amabadwa ndi mazila pakati pa miliyoni imodzi ndi mamiliyoni awili, onse ataima pakati pa nchito. Ena amayembekeza zaka 12, ena zaka zoposa 40, ndipo amene amakhwima ndi kutuluka m'moyo wake wonse ndi pafupifupi 400.

Dzila lililonse lili m'kathumba kake, ndipo lazungulidwa ndi maselo ambili amene amalidyetsa monga alezi. Likali laling'ono lilibe mphamvu yopitiliza nchito ija. Nanga likakula, cimaliletsa n'ciani? M'caka ca 1935, Gregory Pincus ndi Ernst Enzmann ku America anacotsa mazila a kalulu m'timatumba tao ndi kuwaika m'mbale. Mazilawo anayamba kukhwima okha, popanda kuwathila mankhwala owadzutsa. Apa panaonekela kuti kathumba ndiko kamene kamagwila dzila, kumaliuza kuti, “Yembekeza.”

Lelo tidziwa mmene uthengawo umayendela, makamaka cifukwa ca kafukufuku wa pa mbewa. M'dzila muli mankhwala ochedwa cAMP. Akakhala oculuka, dzila limakhala cete. Koma m'dzila momwemo mulinso cina cimene nchito yake ndi kuononga cAMP. Alezi aja amapanga mankhwala ena ochedwa cGMP, ndi kuwalowetsa m'dzila kudzela m'timipata tolumikiza selo ndi selo linzake. Mankhwala amenewa amamanga manja woononga uja, motelo cAMP imakhalabe yoculuka ndipo dzila limayembekeza.

Tsono nthawi ikakwana, kaciwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo kochedwa pituitary kamatulutsa homoni yochedwa LH yambili nthawi imodzi, ndipo magazi amaitenga kufikila m'thumba la mazila. Taganizilani mthenga wocokela kwa mfumu yaikulu. Iye safikila pa khomo lililonse. Amafikila kwa anyakwawa, ndipo iwo ndiwo amauza mudzi. LH imacitanso cimodzimodzi. Dzila lilibe makutu oimvela, koma maselo a m'khoma la kathumba ndiwo amaimva, ndi kupatsila uthenga kwa alezi a pafupi ndi dzila. Pamenepo cGMP imacepa, timipata tija timatsekeka, woononga uja amamasuka, ndipo cAMP imatsika. Cimene cimadzuka pamenepo ndi MPF, puloteni yoyendetsa nchito yogawa makromozomu, imene Yoshio Masui ndi Clement Markert anaipeza m'mazila a cule m'caka ca 1971. Dzila limagawa makromozomu ake ndi kutulutsa gawo lina m'kaselo kakang'ono pambali pake. Onani bwino mfundo iyi: LH siikankha dzila, imangokhalitsa cete mau amene anali kunena kuti, “Yembekeza.”

Mwa munthu, dzila limatuluka m'kathumba patapita maola pafupifupi 36 LH itayamba kuculuka. Mwa kalulu, LH imatuluka yaikazi ikakwelewa, ndipo mazila amatuluka patapita maola pafupifupi 10. Ng'ombe imene ilibe bele imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 alionse, ndipo woweta wanzelu amawelenga masikuwo. Ngakhale litatuluka, dzila limaimanso kaciwili, kufikila mbeu ya mphongo italowa. Mbeuyo imadzutsa mafunde a kashiamu m'kati mwa dzila, ndipo m'pamene nchito yogawa imatha.

Nzelu zimenezi zathandiza anthu. M'caka ca 1965, Robert Edwards wa ku Britain anaonetsa kuti mazila a munthu angathe kukhwimila m'mbale. Nchito yake pamodzi ndi Patrick Steptoe ndi Jean Purdy inafikitsa pa kubadwa kwa Louise Brown m'caka ca 1978, mwana woyamba amene dzila lake linakumana ndi mbeu kunja kwa thupi. Nzeluzi zitiphunzitsanso cifundo. Uthenga ukasokonezeka dzila silikhwima, ndipo banja lingakhale lopanda mwana. Nthawi zinanso vuto limakhala kwa mwamuna. Makromozomu akagawika molakwika, mwana angabadwe ndi 47 m'malo mwa 46, monga zicitikila pa Down syndrome. Zotele si ufiti, ndiponso si mlandu wa mai. Banja lotelo lifunika dokotala, osati kunyozedwa.

Aphunzitsi, yesani sewelo ili m'kalasi. Mwana mmodzi akhale dzila, ena asanu ndi mmodzi amuzungulile atagwilana manja, akunena kuti, “Yembekeza.” Wina abwele monga mthenga ndi kunong'oneza mmodzi wa ozungulilawo, osati wapakatiyo. Uthenga ukafika kwa onse akhale cete, asiyane manja, ndipo wapakatiyo atuluke. Pambuyo pake funsani ana mafunso awa: Kodi mthenga analankhula ndi yani? Nanga n'ciani cimene cinamasula dzila?