GALIMOTO YAKALE YA M'CHIGAFA: FUNSANI MUSANAIGULITSE PA SIKELO

Inu alimi a ku Salima, a kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi ndi kwa Khombedza, tamverani nkhani iyi. Kapena kuseri kwa nyumba ya malemu atate anu kuli chigafa chakale, ndipo m'chigafamo muli galimoto imene inaleka kuyenda inu muli ana. Matayala ake anaphwa kalekale. Nkhuku zimaikira mazira pa mpando, ndipo pamwamba pake mumasanjikapo matumba a thonje. Masiku ano m'midzi muli kuyenda anyamata ogula zitsulo zakutha, sikelo iri m'manja. Tsiku lina adzafika pakhomo panu nadzati, "Amayi, chinthu ichi chingokutherani malo. Tipatseni ife, mupezepo ya mchere ndi sopo." Musanayankhe, yambani mwadziwa chimene muli nacho.

M'MENE MAGALIMOTOWA ANADZERA KUNO

Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima m'chaka cha 1935, ndipo inalekera pomwepo kufikira 1979 pamene inapitirira ku Lilongwe. Pa zaka zimenezo katundu wambiri wa ku Lilongwe ndi wa ku Fort Jameson, kumene tsopano timati Chipata, anali kutsika sitima pa Salima nakwera malole. Chotero anthu a kuno anazolowera injini msanga. Eni masitolo, aphunzitsi, alimi a thonje amene anakolola bwino, ndi ena obwera ku nchito ku Salisbury ndi ku Joni, anadzigulira magalimoto ao.

Yang'anani dzina pa galimoto yanu. Ikakhala Morris Minor, ndi ya ku England, ndipo mtundu umenewu anaupanga kuyambira 1948 kufikira 1971. Ikakhala Peugeot 404, ndi ya ku France. Inayamba m'chaka cha 1960, ndipo inali yolimba m'miseu ya fumbi kotero kuti ku Kenya anali kuipangabe mpaka 1991. Land Rover inayamba m'chaka cha 1948. Thupi lake ndi la aluminiyamu monga mapoto, lake dzimbiri silidziwa, koma chitsulo chachikulu cha kunsi chimadyeka. Gwadani muyang'ane kunsiko, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

ZIMENE ZINAONEKA KU ULAYA

Ku France kunali munthu wa malole dzina lake Roger Baillon. Iye anali kugula magalimoto akale nawasunga m'mashedi a malata pa malo ake. Malonda ake atagwa, magalimotowo anangokhala m'mashedimo zaka zambiri, nachita dzimbiri, ena nayangidwa ndi zitsamba. Mwini wake anamwalira, mwana wakenso anamwalira. Adzukulu sanaitane ogula zitsulo ai. Anaitana anthu odziwa magalimoto m'chaka cha 2014, ndipo mu February 2015 magalimoto pafupifupi 60 anagulitsidwa pa okushoni ku Paris, fumbi lao liri pomwepo. Imodzi, ya mtundu wa Ferrari, imene anaipeza itafotseredwa ndi milu ya magazini akale, inagulidwa ndi ma euro oposa 16 miliyoni.

Inu a kunyanja mudzakonda iyi. Pa mudzi wa Ascona ku Switzerland, galimoto ya mtundu wa Bugatti yopangidwa mu 1925 inagona pansi pa nyanja ya Maggiore zaka zoposa 70. Anaivuula mu July 2009. Mbali imene inakwiririka m'matope inasungika, mbali inayo inadyeka ndi madzi. Inagulidwa ndi ma euro 260,500 mu January 2010, ndipo woigulayo sanaikonze konse. Anaionetsa kwa anthu monga momwe inatulukira m'madzi.

Tisakunamizeni: amenewa anali magalimoto osowa ndithu. Morris kapena Peugeot ya atate anu sidzakubweretserani chuma chotere. Koma phunziro liripo. Anthu okonda magalimoto akale, amene alipo m'mizinda ya kuno ndi ku South Africa komwe, amafuna galimoto imene sinasokonezedwe, yokhala ndi penti yake, mipando yake ndi injini yake ya poyamba. Ena amafuna nyale, zitseko kapena chiwongolero chokha, popeza m'masitolo sizipezekanso. Ngakhale pamudzi pomwe, chitsulo cha mawilo a m'mbuyo chimapanga ngolo, ndipo amisiri osula amafuna masipuling'i. Mwa mitengo yonse, wa pa sikelo ndiwo wotsikitsitsa.

ZOYENERA KUCHITA

1. Musapise manja pansi pa mipando kapena mu injini. Muli njoka, zinkhanira, mavu ndi njuchi. Tsegulani zitseko ndi kugogoda ndi ndodo yaitali, ana ali kutali.

2. Musamange batire kuti muilize, ndipo musaikankhe kuti idzuke. Petulo wakale amauma ngati ulimbo natseka timapaipi. Oyilo anatsikira pansi kale, ndipo injini yolizidwa youma imadzikanda yokha niwonongeka. Mawaya odyedwa ndi makoswe angayatse moto, ndiponso mabuleki sagwira. Makaniko wodziwa nchito amayamba wachotsa mapulagi, nathira oyilo pang'ono m'mabowomo, nadikira masiku angapo, ndipo pamenepo amayesa kutembenuza injini ndi manja.

3. Musaipake penti ya nyumba kuti ioneke yatsopano. Itsukeni ndi madzi ndi sopo basi. Fumbi la m'mabuleki akale musaliuzire ndi pakamwa, chifukwa kawirikawiri muli asbestos amene amadwalitsa mapapo.

4. Funani kachitsulo kolembedwa nambala, pafupi ndi injini kapena pa mphuthu ya chitseko, ndi kulemba nambalayo m'kope. Funaninso m'sutikesi ya malemu buku la galimotoyo la ku Boma, malisiti ndi zithunzi. Galimoto yopanda mapepala ndi yovuta kugulitsa.

5. Folerani chigafa dzinja lisanafike. Kuno kunyanja chinyontho chimafulumiza dzimbiri, tsono ikwezeni galimotoyo pa njerwa kuti mphepo izipita kunsi. Onani ngati chiswe sichinadye nsanamira, lambulani udzu chifukwa cha moto wolusa, ndipo tayani madzi a m'matayala kuti udzudzu usaswane.

KODI GALIMOTOYO NDI YA YANI?

Apa ndipo mabanja ambiri amadana. Galimoto ingakhale yakufa, iri chuma cha masiye. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limati, munthu akamwalira wosasiya wilo, oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, ana ake, ndi makolo ake kapena ena amene anali kudalira iye. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Chotero malume kapena mchimwene wamkulu sangaitane ogula yekha usiku nadya ndalama. Khalani pansi nonse. Mukalephera kumvana, pitani kwa a mfumu, ndipo ngati pafunika, ku ofesi ya Bwana DC.

Pamene mwasonkhana, itananinso agogo. Iwo adzakuuzani amene anaigula, ndi ndalama za thonje la chaka chiti. Adzakuuzani usiku umene inanyamula amayi anu kupita nao kuchipatala kukabadwa inu, tsiku limene inatenga mkwatibwi kupita ku tchalitchi, ndi ulendo uja wa ku Chipoka kukachingamira mlendo wotsika Ilala. Mwana wa sukulu alembe zonsezi m'kope lomwe lija. Wogula wanzeru adzakondwa nazo, ndipo galimoto ikachoka, mbiri ya banja idzatsala pakhomo.

Pambuyo pake mungathe kuisunga, kuikonza pang'onopang'ono, kapena kuigulitsa. Zonsezi ndi zabwino ngati mwapangana ndipo mwafunsa mitengo kwa anthu awiri kapena atatu. Koma ikangodulidwa ndi kukwera lole ya zitsulo, sidzabweranso. Galimoto imene yadikira zaka 40 m'chigafa ingathe kudikira mwezi wina umodzi. Anyamata a sikelo akabwera, auzeni kuti mukayamba mwafunsa abale. Paja akulu anati safunsa anadya phula.