Phunziro: Kumangirira Ngolo ku Galimoto

Nthawi yokolola yafika. Chimanga, nyemba ndi nandolo zikupita ku msika wa ku Milange. Zina zikupita ku Mocuba. Alimi ambiri amasonkherana ndalama ndi kubwereka pikapu yokoka ngolo. Zokololazo ndi thukuta lathu la chaka chonse. Ngolo ikagubuduzika, chakudya chimatayika, ndipo anthu amavulala. Tsono tiyeni tiphunzire kuimanga bwino.

Choyamba, werengani nambala. Ngolo zambiri zili ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene zinganyamule. Galimoto nayonso ili ndi malire a katundu amene ingakoke. Musapitirire malirewo. Apa ndi pamene kudziwa kuwerenga kumapulumutsa moyo.

Chachiwiri, lumikizani mkono wa ngolo ku chitsulo chokokera cha galimoto. Tsekani loko wake. Kenaka mangani matcheni awiri mopingasa pansi pa mkonowo. Mkono ukamasuka, udzagwera pa matcheni, osati pansi. Chingwe kapena waya sizingalowe m'malo mwa tcheni.

Chachitatu, pakirani mwanzeru. Katundu wambiri akhale kutsogolo kwa mateyala a ngolo. Tiyeni tiwerengere: thumba limodzi ndi makilogalamu 50. Matumba 20 ndi makilogalamu 1,000. Ikani matumba 12 kutsogolo, 8 kumbuyo. Kumbuyo kukalemera kwambiri, ngolo imayamba kugwedezeka uku ndi uku, ndipo imakoka galimoto kunja kwa msewu. Mangani matumba onse ndi zingwe zolimba.

Chachinayi, onani mpweya wa m'mateyala. Munthu mmodzi aime kumbuyo, aone ngati magetsi a ngolo akuyaka woyendetsa akaponda mabuleki.

Pa msewu, yendani pang'onopang'ono. Galimoto yokoka ngolo siima msanga. Kwathu kuno, m'mphepete mwa phiri la Tumbine, kuli zitunda ndi mitsetse. Potsika, gwiritsani giya yaing'ono. Ngolo ikayamba kugwedezeka, musaponde mabuleki mwamphamvu. Chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero chilili, mpaka liwiro litachepa.

Pomaliza, anthu asakwere pamwamba pa matumba. Mwana kapena mayi akagwa, palibe mtengo wa nandolo umene ungamubweze.

Mafunso
1. Matcheni amamangidwa bwanji?
2. Pa matumba 10, ndi angati amene akhale kutsogolo?
3. Ngolo ikagwedezeka, woyendetsa achite chiyani?